Achemwali akufunsa: masana a ku Bangkok ndingayende m'misika, nanga ndidzadya chani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe, dzina sinditchula poti sanandiuze kuti nditero. Amapanga geni ya zovala, wakhala akuoda ku Dar ndi ku Joni, ndiye ulendo uno akufuna akayese ku Bangkok, kumsika wa Pratunam, mwezi wa Epulo. Funso lake lili motere: "Anzanga amene anapitako akuti Epulo kumatentha koopsa ndipo zakudya za mumsewu zimatsegula m'mimba, ena akuti ankangodya nkhuku ndi tchipisi za m'masitolo akuluakulu sabata yonse. Ine ndimakonda kuyenda m'misika. Kodi masana ndingathe kuyenda? Nanga ndingadye chani chosandidwalitsa?"

Achemwali, zikomo pondilembera, ndipo ndiyankha pano chifukwa ndikudziwa kuti si inu nokha amene muli ndi nkhawa imeneyi. Anzanuwo za kutentha sananame. Koma zoti munthu ukwere ndege kuchoka ku Lilongwe, kudzera ku Addis Ababa, usiku wonse uli m'mwamba, kukafika ku Bangkok kenako nkumakadya tchipisi zomwe ukanadya pa chiwaya ku Area 25, zimenezo zimandiwawa mumtima ndithu, chifukwa chakudya chabwino cha mzinda umenewu chili panja pomwepo, pa tingolo, pansi pa maambulera.

Tiyambe ndi kutenthako. Epulo ndiye mwezi wotentha kuposa yonse ku Thailand, masana ku Bangkok kumafika madigiri 35, 36, masiku ena kuyandikira 40. Mwina mukuti aaa ife ku Chikwawa mu Okutobala timafika pamenepo. Zoona, koma kutentha kwake nkosiyana. Mpweya wa ku Bangkok ndi wachinyontho, thukuta likatuluka siliuma, limangokhala pathupi, malaya amamatirira kumsana ukangoyenda pang'ono, ndipo thupi limazizira thukuta likamauma, ndiye ngati silikuuma umatopa msanga osadziwa kuti watopa. Onjezani simenti ndi phula ponseponse, utsi wa magalimoto ndi njinga zamoto, moto wa anthu ophika m'mbali mwa msewu. Nthawi yoopsa kwambiri ndi kuyambira cha m'ma 12 mpaka 4 koloko.

Ine ndinaphunzira movutikira. Ulendo wanga woyamba ndinapita ku Chatuchak, msika waukulu uja umatsegulidwa Loweruka ndi Lamulungu, wokhala ndi mabenchi masauzande ambirimbiri, ndipo ndinkayenda ngati mmene timayendera mu msika wa ku Limbe, changu changu, kufuna kuona zonse tsiku limodzi, madzi ndinamwa kabotolo kamodzi m'mawa basi. Cha m'ma 2 koloko ndili mkati mwa tinjira topanikizana tija, denga la malata pamwamba, ndinangomva makutu kulira, maso kuchita mdima, miyendo kulobodoka. Mayi wina wachikulire amene ankagulitsa matawelo ndi amene anandiona ine ndisanalankhule kanthu. Anandigwira mkono nkundikhazika pa kampando kake kapulasitiki, anatembenuzira fani yake kwa ine, anatulutsa m'thumba kanthu konga lipisitiki nkundiyika pamphuno kuti ndinunkhize, kenako anatuma mtsikana amene anabwera ndi madzi a mandimu a ayisi othira shuga ndi kamchere. Chingerezi sankachidziwa, ine chiThai sindinkachidziwa, anangokhala pambali panga akundipepesa ndi manja mpaka maso anayera. Ndalama anakana. Mayi ameneyu sindidzamuiwala, ndipo zonse ndikuuzani pansipa zinayambira pa kampando kake kaja, chifukwa nditakhala pansi ndi pomwe ndinayamba kuona mmene eni dziko amachitira ndi dzuwa lawo.

Iwo salimbana nalo. Amayenda pang'onopang'ono, amatsata mthunzi ngakhale njira italike, ambulera amafunda kulibe mvula, ndipo masana sadya chimbale chimodzi chachikulu nkukhuta ngati mmene ife timachitira ndi nsima ya nkhomaliro. Amadya pang'ono pang'ono tsiku lonse, kanthu kozizira apa, kowawasa ndi kamchere apo, kukhala pansi, kunyamukanso. Inunso mukatero masana aja amasanduka nthawi yokoma kwambiri ya tsiku.

Ndiye geni yanu ya ku Pratunam pangani m'mawa kwambiri, msika wa pikulitsa umayamba kusanache bwinobwino ndipo mitengo yabwino ndi nthawi imeneyo. Ikamakwana 11 mukhale mutamaliza za panja, katundu mwakasiya ku hotela. Ngati pali zina zotsala, wolokani msewu wa Phetchaburi mulowe mu Platinum Fashion Mall, muli makina oziziritsa ndipo namonso amagulitsa mopikulitsa. Masana akhale anu tsopano.

Choyamba kuyang'ana ndi kangolo ka zipatso. Simungakaphonye, kali ndi bokosi lagalasi, mkati mwadzaza ayisi, pamwamba pa ayisiyo pali chinanazi, mavwende, papaya, magwafa akuluakulu obiriwira, mango osapsa. Mumangoloza, wogulitsayo amatenga chipatsocho, kuchiyika m'kajumbo, nkuchiduladula ndi mpeni chili m'jumbomo mwaluso loti umangoyang'ana, kenako amaponyamo kamtengo kosongoka kodyera ndi kapaketi ka mchere wosakaniza shuga ndi tsabola, amati prik kluea. Nthawi yomwe ndinali komweko kajumbo kamodzi kanali cha m'ma 20 baht, ndalama ya kumeneko. Mango osapsa ndi mchere ndi tsabola inu mukuwadziwa, tonse tinadya tili ana mayi akukalipa kuti tidwala malungo, ndiye kumeneko ndi chakudya cha akuluakulu ovala mataye, ndipo pa kutentha kuja kamchere kaja thupi limakafuna chifukwa mchere wambiri ukutuluka ndi thukuta. Gwafa wawo ndi wolimba, wokhukhuluza ngati apozi, amamutcha farang, liwu lomwelonso amatchulira azungu.

Za kumwa ndiye zilipo zambiri. Madzi a kokonati wamng'ono, nam maphrao, amamusema pamwamba pamaso panu nkukupatsani ndi kapaipi komwera, mukamaliza mupemphe supuni mukokote zoyera zofewa za mkatimo. Kwa ine palibe choposa chimenechi dzuwa likafika pamutu. Madzi a nzimbe aliponso, amafinya pa makina nkuika m'mabotolo pa ayisi. Mukaona chakumwa chofiira kwambiri chowawasa chotchedwa nam krajiab musadabwe kukoma kwake, ndi chidede chathu chomwechi. Bwembanso amamukonda kwambiri, amamutcha makham, ali mu ndiwo, mu maswiti, ponseponse. Ndiye pali cha yen, tiyi uja wa mtundu wa olenji wothira mkaka wa kondensi ndi ayisi wodzaza kapu, ndi wokoma zedi koma shuga wake ndi wambiri mwakuti ukamwa awiri ludzu limabwerera mowirikiza. Phunzirani mawu awa: waan noi, kutanthauza shuga pang'ono. Ngati muli ndi matenda a shuga, mawu amenewa muziwanena paliponse pomwe mukugula chakumwa, ndipo madzi wamba akhale ambiri kuposa zonsezi.

Tsopano funso lomwe ndikudziwa kuti lili kumtima kwanu, ayisi. Madzi a pampopi ku Bangkok anthu ambiri samwa, amagula a m'botolo, ndipo ndi otchipa mu 7-Eleven, timasitolo tija tili pafupifupi pa kona iliyonse, m'dziko lonse tilipo toposa 14,000. Koma ayisi amene mavenda ambiri amagwiritsa ntchito sapanga okha kunyumba, amagula ku mafakitale, ndipo mumamuzindikira chifukwa ndi wozungulira ngati kapaipi kokhala ndi bowo pakati. Ameneyo ine ndamwa kambirimbiri osadwala. Amene ndimasamala naye ndi uja wa chibuluku chachikulu amachita kuswa ndi kupala, chifukwa sudziwa kuti wadutsa pati pobwera. Mu 7-Eleven momwemo kapena mu famase mugulenso timapaketi ta mchere wobwezeretsa madzi m'thupi, tofanana ndi Thanzi ORS, kamodzi patsiku m'botolo la madzi kamathandiza kwambiri. Komanso sitoloyo ndi pothawira, mukamva kuti mutu wayamba kulemera lowani muime mphindi zisanu pozizira, palibe amene akuthamangitseni.

Zotsegula m'mimba zija, ine lamulo langa ndi lomwe timatsata kale kwathu pogula kanyenya. Gula pomwe pali mzere wa eni dziko, makamaka amayi ndi ana asukulu ndi anthu a m'maofesi, chifukwa pamenepo chakudya sichikhalitsa. Gula chomwe chikuchoka pamoto iwe ukuona. Chomwe chaphikidwa kale nkukhala mu thireyi padzuwa kuyambira m'mawa chisiye, ngakhale chioneke bwino bwanji. Za m'nyanja zosaphika zisiyeni kaye. Ndipo kunena zoona anthu ambiri amene amati adwala ndi chakudya cha mumsewu, chimene chawapweteka ndi tsabola. Timatsabola tawo tating'onoting'ono totchedwa prik khi nu ndi taukali, ngakhale inu odya kambuzi muyambe mwaulemu. Mai phet ndiye kuti osaika tsabola, phet nit noi ndiye kuti pang'ono chabe, ndipo pang'ono pawo kwa ife ndi pambiri ndithu.

Tsabolayu mukumana naye kwambiri mu som tam. Musanaione mumayamba kuimva, phokoso la kamtondo kadothi ndi kamusi, pok pok pok, mayi akusinja adyo ndi tsabola, kenako amathiramo papaya wosapsa wopalapala ngati tizingwe, tomato, zitheba zazitali, madzi a mandimu, shuga wa mgwalangwa wa kwawoko, msuzi wa nsomba wamchere uja amati nam pla, ndi mtedza wokazinga. Ndi yozizira, yowawasa, yamchere, yotsekemera, yoyabwa, zonse pakamodzi, ndipo masana otentha imadzutsa thupi. Inu itanitsani som tam Thai. Pali ina ya pu pla ra yomwe amaikamo nkhanu zosaphika ndi nsomba zoviika zokhalitsa, anthu a chigawo cha Isan komwe chakudyachi chimakondedwa kwambiri amaifera, koma mimba ya mlendo siyizolowera tsiku limodzi. Som tam imayenda ndi nkhuku yootcha pa makala, gai yang, ndi mpunga womata uja khao niao, ndipo apa mudzamva ngati muli kwanu chifukwa mpungawu amadya ndi manja, kutema, kuumba kambamu m'dzanja, kusunsa mu msuzi, ndendende nsima.

Simunandiuze ngati mumadya nkhumba, ndiye ndinene. Tinyama tambiri tootcha pa timitengo timene mudzaone m'mawa ndi masana, moo ping, ndi nkhumba, ndipo nkhumba imalowa mu zakudya zambiri osaonekera. Liwu lake ndi moo, mai sai moo ndiye kuti musaikemo nkhumba. Asilamu ku Bangkok alipo ambiri ndipo mabenchi a halal amakhala ndi chizindikiro, nthawi zambiri chobiriwira, cha ku Pratunam sasowa. Ogulitsa roti ambirinso ndi Asilamu, roti wake ndi uja amamutambasula mpaka kupyapyala ngati pepala, kumukazinga pa chiwaya, kuikamo nthochi ndi dzira nkuthira kondensi pamwamba.

Koma chomwe ine ndimachilota ndikakhala kuno ndi khanom krok. Ndinaima nthawi yaitali tsiku lina ku msika wa Wang Lang kungoyang'ana agogo ena akuphika. Ali ndi chiwaya chachitsulo chakuda chokhala ndi timaenje tozungulira tambirimbiri, chili pa mbaula. Amapaka timafuta m'timaenjemo ndi kansalu, amathira phala lamadzimadzi la ufa wa mpunga ndi mkaka wa kokonati kuchokera mu ketulo, kudikira pang'ono, kenako kuthiranso pamwamba mkaka wa kokonati wokhuthala wotsekemera wa kamchere, nkuwaza timasamba ta anyezi pena chimanga chachiwisi, nkuvundikira. Akavundukula m'mbali mwapsa mwa bulawuni, pakati pakadali lobodo ngati phala la mwana, amatokosa ndi supuni kamodzi kamodzi nkuphatikiza tiwiri tiwiri kukhala ngati kampira, kuika pa tsamba la nthochi. Manja awo sankaima ndipo sankayang'ana nkomwe chiwayacho, amacheza ndi mnzawo wa benchi ya pambali. Chenjezo limodzi, mkati mwake mumatentha kuposa mmene kunja kukuonekera, dikirani kaye musanaponye mkamwa.

Wang Lang yemweyu ndi msika womwe ndingakulangizeni pa masana a mkati mwa sabata. Uli tsidya lina la mtsinje wa Chao Phraya, pafupi ndi chipatala cha Siriraj, ndiye odya ambiri ndi manesi, ana asukulu ya udokotala ndi anthu odzazonda odwala, mitengo yake ndi ya eni dziko. Tinjira take tambiri ndi tofoleredwa, ndipo kupitako pa boti ndi mpumulo pawokha chifukwa pamtsinje pokha ndi pomwe kamphepo kamapezeka. Wina ndi Or Tor Kor, uli moyang'anizana ndi Chatuchak, mumatsikira pa siteshoni ya sitima yapansi ya Kamphaeng Phet. Ndi wodula kuposa misika ina koma ndi waukhondo, wa denga lalitali, ndipo zipatso zake ndi zosankhidwa. Ngati mwapita ku Chatuchak Loweruka, fikani m'mawa, dzuwa likakula muwolokere ku Or Tor Kor mukakhale pansi.

Mwasankha mwezi wotentha koma mwasankhanso mwezi wa mango, pamenepo mwachita mwayi. Khao niao mamuang, mpunga womata ndi mango, nyengo yake yeniyeni ndi imeneyi. Mpungawo amauviika, kuuphika ndi nthunzi, nkuusakaniza ukadali wotentha ndi mkaka wa kokonati, shuga ndi mchere, pambali amaika mango akupsa osenda, kawirikawiri a mtundu wa nam dok mai, aatali achikasu opanda ulusi ngakhale umodzi, osati ngati kalisere wathu uja umatha naye ukutokosa m'mano. Ndikudziwa kuti mpunga ndi mango kwa Mmalawi zikumveka zachilendo, nanenso ndinkakayika, koma kamchere ka mu kokonati kaja kakakumana ndi kutsekemera kwa mango mudzamvetsa. Ndi chakudya cholemera, chitengeni ngati nkhomaliro. Ndipo chilichonse cha mkaka wa kokonati idyani nthawi yomweyo, musasunge m'chikwama kuti mukadye madzulo ku hotela, pa kutentha kuja chimasasa msanga.

Zoziziritsa zina ndingotchula mwachangu. Ayisikilimu wa kokonati, pena amamuika mu chikamba cha kokonati pena mkati mwa banzi, pamwamba mtedza. Tub tim krob, timibulu tofiira tokhukhuluza mkati tosambira mu mkaka wa kokonati ndi ayisi. Nthochi zokazinga, kluay tod, zomwe zingakukumbutseni zitumbuwa ngakhale izi amakazinga nthochi yodula yoviika mu ufa. Palinso khao chae, mpunga woviikidwa m'madzi a ayisi onunkhira maluwa a jasmine, wodyera limodzi ndi tindiwo tokazinga, chakudya chomwe chinachokera kwa anthu a mtundu wa Mon nkukalowa kunyumba yachifumu, chimapezeka nyengo yotentha yomweyi, mukachiona chiyeseni. Ziwala ndi nkhululu zokazinga zilinso pa tingolo makamaka madzulo, azungu amazijambula ndi mantha, inu wodya ngumbi mudzangogula basi.

Durian yekha ndinenepo pang'ono. Ndi chipatso chachikulu chaminga, fungo lake ndi lamphamvu mwakuti m'mahotela ambiri ndi mu sitima za mumzinda, zam'mwamba za BTS ndi zapansi za MRT, saloleza kulowa nacho. Ena amachikonda kufa, ena sachifuna nkomwe. Gulani kachidutswa kamodzi kosenda kale mudyere pomwepo. Eni dziko amati durian amatenthetsa thupi ndiye amamutsatiza ndi mangosteen, kachipatso ka khungu lofiirira koyera mkati, kamene amati kamaziziritsa. Mangosteen yo ndiye sindinaonepo munthu woikana.

Ndalama muziyenda ndi zing'onozing'ono, ma 20 obiriwira aja, ma 50 ndi ma 100, chifukwa venda wa zipatso ukamupatsa 1,000 baht umamuvutitsa chenji. Eni dziko ambiri amalipira ndi foni pojambula QR koma zimenezo kawirikawiri zimafuna akaunti ya banki ya komweko. Zovala mukhoza kunenerera, chakudya ayi, mtengo wake ndi womwewo ndipo ndi wotsika kale. Tao rai ndiye kuti ndi zingati. Pothokoza inu monga mayi muziti khop khun kha, abambo amati khop khun khrap, ndipo mukamuuza wophika kuti aroi, kutanthauza chakoma, nkhope yake imawala. Ndalama ikagwa pansi musaiponde ndi phazi kuti isauluke, pali nkhope ya mfumu ndipo kumeneko ndi nkhani yaikulu.

Zinthu ziwiri zokhudza masiku muzione musanagule tikiti. Lolemba mavenda ambiri a m'misewu ya Bangkok sagulitsa, ndi tsiku lomwe misewu imayeretsedwa, ndiye tsiku limenelo dalirani misika ya mkati. Chachikulu ndi Songkran, chaka chatsopano chawo, pa 13 mpaka 15 Epulo. Masiku amenewo anthu amathirana madzi mumsewu ndi zidebe ndi mfuti zamadzi, wina aliyense amanyowa, ndi chisangalalo chachikulu ndipo kutentha kumaiwalika, koma kwa inu wa geni dziwani kuti mashopu ambiri amatseka ndipo ogulitsa ambiri amapita kumidzi kwawo, ena sabata yathunthu. Ngati cholinga ndi kuoda, fikani isanayambe kapena itatha, ndipo mukapezeka muli komweko foni ndi pasipoti zikhale mu kajumbo kosalowa madzi.

Valani zopepuka za thonje, nsapato zoyendera, kachitenje kamodzi m'chikwama kopukutira thukuta komanso kofunda mukalowa mu sitima chifukwa mmenemo mumazizira ngati mu filiji. Ikakwana 6 koloko madzulo mukakhala pa siteshoni kapena mu paki mudzamva nyimbo ya fuko lawo pa zimkuzamawu ndipo anthu onse amaima chilili, inunso imani, ikatha mupitirize. Nthawi imeneyo dzuwa lapita, tingolo ta usiku tayamba kutuluka, ndipo ngati miyendo ikadali ndi mphamvu kwerani MRT mukatsike pa Wat Mangkon mukaone msewu wa Yaowarat, wa ku dera la Matchaina, ukuyaka.

Kanthu konga lipisitiki kamene mayi uja anandinunkhiritsa dzina lake ndi ya dom, muli menthol ndi mafuta ena onunkhira, kamagulitsidwa mu 7-Eleven iliyonse pa mtengo wochepa. Gulani kamodzi tsiku lomwe mwafika kakhale m'thumba, ndipo pobwerera mutengeko tingapo, ine kanga kamandithandiza mpaka pano mu minibasi ya ku Salima mwezi wa Okutobala.